Tsiku Limene Lameck Anaimirira pa Ngolo

Lameck Gwaza anapambana mpikisano wake woyamba Lachisanu masana, ndipo Loweruka m'mawa kalata yomuitanira ku mlandu inali itamupeza kale. Wina akanadwala nayo mutu kalata imeneyo. Mnzathuyu anangoipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la shati momwe munali khadi lake, n'kubwerera pa foni kukaonera vidiyo ya iye mwini, mano onse ali pamtunda.

Khadi limenelo ndiye linali moyo wake. Ku kalabu ya Al Sarab, m'chipululu cha ku Dubai kuseri kwa Jebel Ali, anthu osowa kotayira ndalama amapikisanitsa mahatchi okoka tingolo ta mateyala awiri, topepuka ngati njinga. Woyendetsa amakhala motambalala, mapazi atawalowetsa m'tizitsulo tiwiri, ndipo lamulo limati mapaziwo asachokemo mpaka mpikisano utatha. Wopanda khadi sakwera kangolo. Lameck anawola ndowe zaka zitatu, kudyetsa mahatchi makumi awiri ndi awiri m'mawa uliwonse, kuwasambitsa, kuwapesa michira, asanamupatse kapulasitiki kobiriwirako mu Novembala. Tsopano munali mu Januwale, ndipo akuluakulu a kalabu ankafuna kuona ngati akuyenera kukhala nakobe.

Chimene anachita n'chakuti anaimirira.

Musafulumire kumuweruza. Kwawo ku Mitundu anayamba kuyendetsa ngolo ya abulu ya amalume ake ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kututa njerwa, mchenga ndi kabichi wopita kumsika. Ku Mitundu aliyense amadziwa kuti popita umakhala pansi ngati munthu wanzeru, koma pobwerera, ukangoona denga la kwanu, umaimirira pangolo, miyendo tang'a, zingwe m'manja, n'kuimba likhweru kuti abulu adziwe kuti ntchito yatha. Palibe amene amakuphunzitsa zimenezo. Miyendo imangodziwa yokha.

Lachisanulo anamupatsa Lulu, hatchi yaikazi yokalamba imene oyendetsa ena ankaikana chifukwa inkadana ndi chikwapu. Pokhota komaliza anali wachitatu. Ataona mzere woyera wothera mpikisano uko kutsogolo, mutu unaiwala kuti kuno n'ku Dubai. Anangozindikira ali chilili pa kangolo ka eni ake, mphepo ikumuwomba m'khwapa, likhweru likutuluka lokha pakati pa mano. Lulu anatambasula miyendo ngati wabwerera ku utsikana, n'kupitirira onse awiri aja, n'kulowa woyamba.

Kapambwe, mlonda wa pageti wochokera ku Zambia, anajambula zonsezo pa foni. Anaikapo nyimbo yaphokoso pamwamba pake n'kuponya pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Dubai. Pofika madzulo, okonza m'mahotela a ku Al Rigga anali ataiona, alonda a ku Business Bay anali ataiona, ndipo mtsikana wina amene Lameck sankamudziwa n'komwe anafunsa pagulu pomwepo ngati mnyamata woimirirayo ali pabanja.

"Mudala, watchuka!" anakuwa Kapambwe ali pageti. "Manje ukangena mu hearing muja, uwauze akupatse na bonasi!"

Amene sanaseke ndi achemwali ake a Lameck, a Selina, olera ana kunyumba ina ku Al Furjan. Lamulungu, tsiku la mlanduwo, ndiye linalinso tsiku lawo lopuma. Anajomba kutchalitchi, n'kukwera takisi, n'kufika pakalabu teni koloko atanyamula jekete lakuda limene abwana awo anasiya kuvala.

"Vala ili. Ndipo utseke manowo."

"Achemwali, koma mwaiona vidiyo ija?"

"Ndaiona. Madamu anga aiona. Ana amene ndimalera aja aiona, dzulo lonse amaimirira pa sofa n'kumakuwa, pang'onong'ono ntchito indithere chifukwa cha iwe." Anamukokera kolala mwamphamvu. "Tamvera kuno, Lameck. Ukalowa m'menemo mawu ako ndi atatu basi: yes sir, sorry sir, never again sir. Khalas, zathera pomwepo. Ukangowonjezera kena kalikonse ubwerera ku fosholo, ndipo ine sindinakupezere ntchito kuno kuti ukalambire pa ndowe."

Chipinda cha milandu chinali pamwamba pa makola a mahatchi. Pa benchi ya panja anapezapo Jeff, Mfilipino wa imvi za m'mbali, munthu wa zaka khumi ndi zisanu pa kangolo, yemwe anaphunzitsa Lameck kagwiridwe ka zingwe. Nayenso anali ndi kalata yake. Pa mpikisano womwewo hatchi yake inakhota mwadzidzidzi, teyala lake n'kukhula teyala la mnzake, pang'onong'ono anthu awiri agubuduke. Mlandu wake unali woyendetsa mosasamala, ndipo popeza anali atachenjezedwapo kale mu Disembala, ulendo uno khadi lake linali pa ulendo.

"Sindikudziwa chimene chinailowa hatchi ija, habibi, m'bale wanga," anatero Jeff akupukusa mutu. "Masiku awiri ndakhala ndikuganiza, yankho palibe."

"Zikhala bwino, inshallah," anayankha Lameck akumusisita paphewa. Kunena zoona sanamve n'komwe bwinobwino. Maganizo ake anali pa mtsikana wofunsa za banja uja.

Anawaitanira limodzi popeza mpikisano unali umodzi. Pagome panali anthu atatu. Pakati panali a Khalfan, wapampando, Mwarabu wa ndevu zotuwa, atavala mkanjo woyera wopanda ndi kadontho komwe. Kumanja kwawo kunali mayi wa ku Sweden, dokotala wa mahatchi, wa nkhope yosasekerera. Kumanzere kunali a Pillai, mlembi, Mmwenye wokonda buku la malamulo kuposa chakudya. A Selina anawalola kukhala kumbuyo kwa mlongo wawo, pafupi mokwanira kumutsina.

A Pillai anawerenga m'Chingerezi. "Lamulo la 27, gawo lachiwiri: woyendetsa asachotse phazi m'chitsulo. Bambo Gwaza, mukuvomera kapena mukukana?"

"Yes sir, sorry sir, never again sir!"

Mawu atatu onse aja anawathera pa funso limodzi. A Selina anatsinzina n'kupuma mozama.

Kenako anayatsa kanema wa kalabu, wojambulidwa ndi kamera ya pansanja. Unali wopanda mawu, ndipo a Pillai anauyendetsa pang'onopang'ono kuti aliyense aone bwino. Lameck anali asanadzionepo pa TV yaikulu chonchi. Mu kanemamo kamunthu ka chipewa chofiira kanayamba kudzuka pa kangolo, kaye mawondo, kenako chiuno, ndipo m'chipindamo mwini wake nayenso anayamba kudzuka pa mpando, manja atagwira zingwe zosaoneka.

"Tiye Lulu! Tiye mayi! Mudye ameneyo!"

A Selina anamukoka jekete mpaka anagwera pa mpando kuti khu. Koma zinali zitachitika kale. A Khalfan anali atabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango wawo wa kumutu, mapewa akugwedezeka.

"Bambo Gwaza," anatero atapezako mpweya, "ine ndaonera mipikisano ku France, ndaonera ku Australia. Woimirira sindinamuonepo. Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku Mitundu, bwana."

"Ndi sukulu ya mahatchi imeneyo?"

"Ayi bwana, kuli msika."

Apa malangizo a achemwali anatulukira pa zenera. Lameck anafotokoza za abulu a amalume ake, za mchenga wa kudambo, za kamtunda komaliza kofikira kunyumba, n'kuonetsa momwe munthu amapindira mawondo kuti ngolo ikagunda dzenje asagwe chagada. Anayankhula Chingerezi chimene anali nacho, pomwe chathera n'kupitiriza ndi manja. Dokotala uja anamudula n'kufunsa ngati anagwiritsako chikwapu.

"Ayi madamu. Lulu sakwapulidwa, amanyanyala."

Mayiyo anamwetulira pang'ono n'kulemba kena kake.

Atatuwo ananong'onezana kwa kanthawi. "Simunapweteke hatchi, simunasokoneze munthu," anatero a Khalfan. "Tikupatsani chenjezo lolemba, khadi lanu sungani. Koma mukadzaimiriranso ndidzakumangirirani pa mpando ndi manja angawa. Khalas."

Chimwemwe chake mnyamatayo! Akanakhala kwawo akanavina pomwepo. Anatembenuka kuti aone achemwali ake, n'kupeza atakweza maso kumwamba, milomo ikuyenda.

"Tiye tizipita asanasinthe maganizo," ananong'ona a Selina.

Koma a Pillai anati akhale kaye mpaka mlandu wachiwiri uthe, mwina angafunike ngati mboni. Anabweza kanema uja pa malo omwewo, ulendo uno atakuza mbali ya Jeff. Lameck anakhala motakasuka, mwendo pa unzake, ngati munthu woonera mpira timu yake itawina kale.

Akuluakulu aja ankayang'ana manja a Jeff ndi mateyala. Lameck, pokhala munthu wodyetsa mahatchi, maso ake anapita pa makutu. Nthawi yomwe kamunthu ka chipewa chofiira kanangoimirira, makutu a mahatchi ena onse asanu anatembenukira kwa iko nthawi imodzi. Ndiye hatchi ya Jeff, Barq, wosusuka kuposa onse m'kholamo, anatembenuza mutu womwe n'kulondola, kangolo n'kumutsatira.

Lameck anatsitsa mwendo uja. Likhweru lija! Silinali la ku Mitundu kokha ayi. Linali lomwelo limene ankaimba faifi koloko m'mawa uliwonse akafika pakhomo la khola ndi wilibala ya chakudya, zaka zitatu osajomba. Mahatchi aja anamva kuitana kwa chakudya ali pakati pa mpikisano. Ndipo panalibe wina wodziwa. Kamera ya kalabu sinkagwira mawu, vidiyo ya Kapambwe inali itakwiriridwa ndi nyimbo, ndipo oyendetsa akuluakulu ngati Jeff sapezeka kukhola faifi koloko.

"Muli ndi chonena?" a Khalfan anafunsa Jeff. Kuseka kuja kunali kutawathera.

"Ndilibe, bwana. Inangokhota."

A Pillai anavundukula cholembera.

Lameck anagwira thumba la shati. Tisanamizane, ankalikonda khadi limenelo. Chithunzi chake anali atatumizira amayi ake, ndipo iwo anali atazungulira nacho mudzi wonse. Chomwe ankafunika kuchita n'kungokhala chete mphindi ziwiri zokha, ndipo anayesadi. Anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, koma maso ankangobwerera pa manja a Jeff, omwe anali atagwira chipewa pa mawondo. A Selina anaona momwe maso a mlongo wawo akuyendera n'kumutsina m'nthiti.

"Usayerekeze," ananong'ona. Sankadziwa kuti ndi chiyani, koma ankamudziwa Lameck.

"Bwana, pepani," anatero Lameck ataimika dzanja ngati mwana wasukulu. "Pali china chake chimene sichikumveka mu kanemamo."

Anafotokoza zonse, za wilibala, za faifi koloko, za makutu. A Khalfan anamvetsera atatsamira pa mpando, kenako anapukusa mutu.

"Likhweru? M'phokoso la anthu mazana atatu ndi mateyala? Bambo Gwaza, kukonda mnzanu n'kwabwino, koma musatinamize." Dokotala nayenso anati hatchi ikakhala pa liwiro sisamala za zimenezo.

Apa ndiye anamuputa. Kumutcha wabodza akanapirira, koma kunena kuti mahatchi ake samumva? Anadzuka, n'kupita pa zenera loyang'ana ku makola, n'kulitsegula. Anakoka mpweya, n'kuluma mlomo wa m'munsi, n'kulimasula likhweru lonse lathunthu.

Kenako pansipo panaphulika. Mitu makumi awiri ndi iwiri inatulukira pa zitseko nthawi imodzi. Mahatchi analira ngati akuwaba, zidebe zikugubuduka, Barq akumenya chitseko ndi ziboda mpaka khoma la ofesi linkanjenjemera. Amphaka a pakhola anatuluka m'maudzu michira ili m'mwamba, nkhunda zinabalalika padenga, ndipo Kapambwe anachoka pageti ali pa liwiro atanyamula chozimitsira moto.

"Mashallah!" anafuula a Khalfan, omwe anali atafika kale pa zenera, akuwomba m'manja ngati mwana. "Mashallah! Bwerezani! Yalla, bwerezani!"

Lameck anabwereza. Phokoso linawirikiza. Dokotala anagwira makutu akukuwa kuti asiye, koma nayenso ankaseka mpaka magalasi anamutsetsereka. Jeff ankaseka misozi ili mbwee, osadziwika ngati ndi ya chisoni kapena ya chiyani. Ndiye mwini likhweru anali atatupa ndi kunyada, theka la thupi lili kunja kwa zenera, akuloza mmodzimmodzi. "Uyo ndi Barq, bwana, mwamuona dyera lake? Uyo ndi Najma, amadya mochedwa. Uyo wofiirayo amaluma, musamuyandikire. Onsewa ndi anga, bwana, onsewa amandidziwa!"

Anthu awiri okha ndi amene sanapite pa zenera. A Selina anakhala pomwepo, chikwama pa miyendo, akuyang'ana a Pillai. A Pillai ankatembenuza masamba a buku lawo, akunyowetsa chala.

"Lamulo la 41," anatero phokoso litatsikako. Sanakweze mawu, koma aliyense anamva. "Woyendetsa amene wasokoneza mahatchi a anzake ndi mawu kapena phokoso, n'kuika miyoyo pachiswe, alandidwe khadi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kupambana kwake kufafanizidwe. Buku silikunena zochepetsa."

A Khalfan anabwerera pa mpando wawo pang'onopang'ono. Anapukuta m'maso, n'kutenga bukulo, n'kuwerenga okha kawiri, ngati kuti mwina mawuwo asintha.

"Jeff alibe mlandu," anatero. "Inu Bambo Gwaza, mwandisangalatsa kuposa munthu aliyense amene anakhalapo pa mpando umenewo, ndipo mwanena zoona pamene palibe anakufunsani. Koma anthu awiri akanathyoka makosi Lachisanu. Bukuli silikundipatsa mpata."

Lameck anawerengera pa zala. Miyezi isanu ndi umodzi inkathera mu Julayi, nthawi imene kunja kumatentha moti ngakhale ngamila imafuna mthunzi, ndipo kalabu imakhala itatseka mipikisano. Kunali kudikira mpaka Novembala, n'kuyambiranso mayeso. Kuseka konse kunamuthera. Anatulutsa khadi m'thumba, n'kulipereka ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono monga anamulerera. A Pillai analiika mu envulopu n'kumata. Zinamupweteka kwambiri, kuposa momwe ankaganizira, moti anachita kuyang'ana kumbali kuti asaone kabati ikutsekedwa.

Potsika masitepe a Selina anali patsogolo. Atafika pakati anatembenuka.

"Mawu atatu, Lameck. Ndinakupatsa mawu atatu okha."

"Ndinawanena onse, achemwali."

Anamumenya ndi chikwama paphewa, kawiri, kachiwiriko mopanda mphamvu. Kenako anamukonza kolala imene inali yokonzeka kale, maso ali ofiira. "Amayi ndiwauza ndine. Iwe ukhoza kukawafotokozera ngati nkhani yosangalatsa."

Pansi anapeza Kapambwe akadali ndi chozimitsira moto chija m'manja. "Mudala, zayenda bwanji? Bonasi yatuluka?" Lameck anangogwira thumba lopanda kanthu lija n'kupukusa mutu, ndipo Kapambwe anatsitsa chozimitsira motocho pansi pang'onopang'ono.

Mahatchi anali asanasiye. Anali ataitanidwa kawiri, ndipo za lamulo la 41 analibe nazo ntchito. Zitseko zinkangogunda, mitu yonse itatembenukira kwa iye.

"Tiye ukakwere takisi ndi ine, ukadye kaye," anatero a Selina. "Lero ndi off day yako."

"Ndawaitana, achemwali. Sindingawanamize."

Anavula jekete n'kuwapatsa, n'kupita kukatenga wilibala. Akudzaza chakudya anamva mapazi kumbuyo. Anali Jeff, atapinda manja a shati yake yoyera, chidebe chili m'manja. Sananene zikomo.

"Ndiyambire uti, habibi?"

"Barq. Akapanda kudya woyamba aswa chitseko."

Anagawana makola, Jeff mbali iyi, Lameck mbali inayo, dzuwa lili paliwombo. Khola la Lulu linali lomaliza. Lameck anamuthirira chakudya, n'kuwonjezera kadzanja kena kosawerengedwa, n'kuima pamenepo akumukanda kuseri kwa khutu.

"Lachisanu akukwera wina, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndimuuza kuti asakukwapule. Akakana, usamuchititse manyazi, ungothamanga."

Lulu analowetsa mlomo m'chidebe n'kuyamba kudya.